Podi wa Kumwera kwa India: bwanji wanu akuwawa, akumata, ndipo sakukhalitsa?

Funso

Ndinadyako idli, timikate tofewa ta mpunga tophikidwa ndi nthunzi, kwa anzanga ochokera ku Chennai, ndipo pambali anaika ufa wofiira wosakaniza ndi mafuta womwe anati ndi podi. Nditayesa kupanga ndekha, ndinathira mphodza, chitowe ndi tsabola wouma m'chiwaya nthawi imodzi, n'kukazinga, kenako n'kupera mu bulenda. Anatuluka wowawa mopserera, womata ngati chiponde, ndipo patangotha masabata awiri anayamba kununkha. Ndinalakwitsa pati? Nanga nandolo ndi nsawawa zathuzi zingagwire ntchito?

Yankho

Mayi, zinthu zomwe munagula sizinalakwike kwenikweni. Chinakugwetsani ndi kuziponya zonse m'chiwaya nthawi imodzi, kenako n'kuzipera zikadali zotentha. Podi saphikidwanso akachoka mu bulenda, amangolowa m'botolo kenako pambale. Ndiye kukazinga kuja ndiko kuphika kwake konse, ndiponso ndiko kumachotsa chinyezi chomwe chikanamuwononga.

Podi alipo wamitundumitundu. Yemwe munadyayo ndi milagai podi wa ku Tamil Nadu, chigawo chomwe kuli Chennai, ndipo ambiri amangoti idli podi. Komweko kulinso paruppu podi wodyera mpunga. Ku Andhra Pradesh ndi ku Telangana amakonda kandi podi wa nandolo ndi karivepaku podi wa masamba a curry. Ku Karnataka kuli chutney pudi wa kokonati wouma ndi bwemba, kumpoto kwa chigawo chomwecho kuli shenga pudi wa nsawawa, pomwe ku Kerala kuli chammanthi podi. Khomo lililonse lili ndi muyeso wake, choncho zomwe ndikupatsenizi muzitenge ngati poyambira podalirika. Mukadziwa dzanja lake mudzasintha nokha.

Tiyambe ndi milagai podi. Pa kapu ya mamililita 250, tengani theka la kapu ya urad dal, omwe ndi magalamu pafupifupi 100, kota ya kapu ya chana dal, kota ya kapu ya chitowe, tsabola wofiira wouma 12 mpaka 15, masamba a curry odzaza dzanja limodzi, kota ya sipuni yaing'ono ya hing, sipuni yaing'ono imodzi ndi theka ya mchere, ndi sipuni yaing'ono imodzi yokha ya mafuta. Urad ndi kanyemba ka khungu lakuda, koyera mkati, ka banja limodzi ndi mphodza, ndipo m'masitolo a amwenye amagulitsa wong'ambidwa pakati, wochotsedwa khungu, ndipo mbewu yokonzedwa chonchi ndiyo amaitcha dal. Chana dal ndi tchana wamng'ono wochitidwa chimodzimodzi. Hing ndi utomoni wa fungo lamphamvu womwe umagulitsidwa utaperedwa n'kusakanizidwa ndi ufa wa tirigu kapena wa mpunga. Ngati pakhomo pali wina amene tirigu amamudwalitsa, werengani kaye zomwe zalembedwa pabotolo lake. Masamba a curry nawo asakusokonezeni ndi ufa wachikasu wothira m'ndiwo uja. Awa ndi masamba a mtengo, ndipo mukawasowa ingowasiyani, palibe chimene chingalowe m'malo mwake.

Mphodza zomwe munagwiritsa ntchito zikhoza kulowa m'malo mwa urad, koma zikhale zong'ambidwa, zopanda makungu. Zathunthu zimapserera kunja mkati mukadali mwauwisi. Dziwaninso kuti mphodza zimapsa msanga kuposa urad ndipo fungo lake n'lofatsa, podi wake amakoma koma sangafanane ndendende ndi wa anzanu aja.

Pa tsabola, ophika a kumeneko amasakaniza mitundu iwiri. Wa Byadgi, wochokera m'boma la Haveri ku Karnataka, ndi wamakwinya, wofiira kwambiri koma wosawawa kwenikweni, ndipo ndiye amapereka mtundu. Wa Guntur ku Andhra Pradesh ndiye amabweretsa ukali. Byadgi 10 ndi Guntur 4 ndi muyeso womwe banja lonse lingadye. Kwathu kuno paprika wouma amagwira bwino ntchito ya Byadgi. Kambuzi wouma ali ndi ukali woposa wa Guntur komanso fungo lakelake, choncho musamuwerenge mofanana: atatu kapena anayi akwanira. Kambuzi wamuwisi asayandikire n'komwe.

Tsopano kukazinga, komwe ndikufuna tikhalitsepo. Zinthu zimenezi zimasiyana kukula, kulimba ndi kuchuluka kwa mafuta. Chana dal amafuna mphindi 8 mpaka 10 kuti apse mpaka pakati. Urad amafuna mphindi 6 mpaka 8. Chitowe chimapsa m'mphindi 2 kapena 3, pomwe tsabola, yemwe khungu lake ndi lopyapyala, amapserera isanathe mphindi yachiwiri. Mukazithira pamodzi muli ndi zosankha ziwiri, ndipo zonse n'zoipa: kudikira dal apse, tsabola ndi chitowe n'kupserera, kapena kuphula msanga, dal n'kukhala wamuwisi. Kuwawa kunakuvutani kuja kunachokera ku tsabola ndi chitowe zopserera. Tsabola awiri okha akada, botolo lonse limamveka.

Chiwaya chikhale chokhuthala pansi, chachitsulo cholemera ngati muli nacho. Chopyapyala chimatentha malo amodzi n'kusiya ena. Moto ukhale wochepa. Pa mbaula dikirani makala ayere phulusa pamwamba, ndipo ngati akadali aukali chepetsani kapena kwezani chiwaya pang'ono. Yambani ndi chana dal wopanda mafuta, muzitakasa osaleka. Akafiirira ndipo fungo la uwisi latha, tengani kambewu kamodzi, kazizire, mukalume. Kakathyoka phwa, mkati muli mtundu wofanana ndi kunja, wapsa. Kakalimba moti dzino likukanika ndipo pakati pali poyera, bwezerani pamoto n'kuchepetsanso motowo. Anthu ambiri amapusitsidwa ndi mtundu wakunja. Moto waukulu umafiiritsa dal m'mphindi zitatu, koma ameneyo ndi wamuwisi, amamata m'kamwa ndipo amatupitsa mimba.

Akapsa mukhuthulireni pathireyi nthawi yomweyo. Musamusiye m'chiwaya poti mwachichotsa pamoto, chitsulo chimasunga kutentha ndipo chimapitiriza kumuwotcha. Kenako urad, mofanana, mpaka kuyera kwake kusanduke kufiirira pang'ono. Musamufikitse pa bulauni woderako.

Chitowe chikazingeni pachokha ndipo muchiike m'mbale yakeyake, chifukwa chidzalowa mu bulenda pomaliza. Chikayamba kuthetheka ndi kudumphadumpha, chikunyezimira, chapsa. Chitowe cha pamsika nthawi zambiri chimakhala ndi mchenga. Chipeteni, muchitsuke, muchiyanike pansalu mpaka chiume gwa, tsiku limodzi musanayambe ntchitoyi. Chakuda chimanunkhira kwambiri koma chimawawirako pang'ono mwachibadwa ndipo sichionetsa msanga kuti chapserera, ndiye poyamba gwiritsani choyera.

Sipuni ya mafuta ija ndi ya tsabola. Chotsani mapesi, thyolani tsabola wamkulu pakati, thirani mafuta m'chiwaya, n'kumutembenuza pamoto wochepa kwambiri mpaka atupe pang'ono, anyezimire, ndipo athyoke mukamufinya. Mukayamba kutsokomola ndi kuyetsemula, mwapitirira kale. Mafutawo amathandiza kuti kutentha kufalikire mofanana ndipo kufiira kusathe. Masamba a curry, omwe munawatsuka n'kuwaumitsa kale, akazingeni mpaka azifumbutuka pakati pa zala. Mukatero zimitsani moto, thirani mchere m'chiwaya chotenthacho kwa mphindi imodzi kuti nawo utaye chinyezi, ndipo hing mumuwaze pamwamba pa dal akadali wofunda. Hing safuna moto wambiri.

Zonse zizizire kotheratu, mphindi 30 kapena kuposerapo, zitayalidwa, osavundikira. Apa ndi pomwe panachokera kumata komanso kununkha kuja. Dal wotentha amatulutsa nthunzi. Mukamutsekera mu bulenda, nthunziyo imasanduka timadontho pachivundikiro n'kugweranso mu ufa, ndipo ufa wonyowa umaumbana kenako umachita chuku. Chitowe chotentha nacho chimatulutsa mafuta msanga. Pafupifupi theka la kulemera kwa chitowe ndi mafuta, nsawawanso n'chimodzimodzi, kokonati wouma amaposa pamenepo. Mukazipera nthawi yaitali, mpeni wa bulenda umazitenthetsa, mafuta amatuluka, ndipo chimene mwapanga ndi chiponde basi. Mafuta otulukira kunjawo amakumana ndi mpweya n'kuwonongeka msanga, n'chifukwa chake pa masabata awiri podi wanu anali atasintha kale fungo.

Popera pali ndondomeko yake. Kachikho ka bulenda kakhale kouma, ndipo kakang'ono koperera zouma n'kabwino kuposa kachikho kakakulu ka juwisi. Yambani ndi tsabola, mchere ndi masamba. Mchere umathandiza kupera khungu la tsabola, lomwe likaperedwa pamodzi ndi dal limangozungulira n'kutsala zidutswa. Zikasalala thirani dal, muziyatsa masekondi 5 n'kuzimitsa, kugwedeza kachikho, n'kuyatsanso. Idli podi safunika kusalala. Akhale ndi timisere tomveka pa dzino, chifukwa ndi timeneti timakoma tikakumana ndi idli wofewa. Chitowe chilowe pomaliza, muyatse kawiri kapena katatu mwachidule, mwamaliza. Musatsegule chivundikiro nthawi yomweyo, dikirani fumbi la tsabola likhazikike.

Ngati mulibe bulenda, mtondo ndi munsi zimatha ntchitoyi, ndipo chifukwa sizitenthetsa, mafuta satuluka msanga. Kungoti mtondo womwe mwasinjiramo tsabola umasunga ukali wake, choncho ndi bwino kukhala ndi kamtondo kapadera. Sinjani, sefani ndi sefa ya maso akuluakulu, zotsala mubwezere.

Mukapera, yalaninso ufawo pathireyi kwa mphindi 15 uzizire, mulawe mchere, kenako muuike m'botolo lagalasi louma. Polawa sakanizani pang'ono ndi mafuta, chifukwa ufa wouma umanamiza lilime. Podi amafunika mchere womveka kuposa wa ndiwo, poti amadyedwa pang'ono ndi chakudya chambiri chosakoleretsa.

Za nandolo, yankho ndi inde, popanda kukayika. Toor dal wa amwenye ndi nandolo yemweyu wong'ambidwa n'kuchotsedwa makungu, ndipo nandolo wambiri wolimidwa kumwera kwa Malawi amagulitsidwa ku India komweko. Ntchito ili pochotsa makungu. Sankhani nandolo wouma bwino wopanda anankafumbwe, mumukazinge pang'ono kwa mphindi 3 kapena 4 kuti khungu lilekane ndi mbewu, azizire, mumusinje mopepuka kuti angong'ambika, kenako mupete palichero. Bwerezani mpaka makungu ambiri achoke. Otsala ochepa savuta, koma akachuluka podi amaderako ndipo amakhakhala pakhosi. Mukagula toor dal wa m'sitolo n'kuona kuti akunyezimira mafuta, ndiye kuti anapakidwa mafuta kuti asungike. Ameneyo mutsukeni ndi madzi ofunda, mumuyanike aume kotheratu musanakazinge.

Kandi podi amafuna kapu imodzi ya nandolo wotere, theka la kapu ya chana dal, kota ya kapu ya mphodza zosenda, sipuni yaikulu imodzi ya jira (njere zonunkhiritsa zomwe pa Chingerezi amati cumin), tsabola wouma 10 mpaka 12, theka la sipuni yaing'ono ya hing, ndi masipuni ang'onoang'ono atatu a mchere. Chilichonse chikazingidwe pachokha monga kale, jira kwa mphindi imodzi yokha. Nandolo amatenga mphindi 8 mpaka 10 ndipo amafiirira kwambiri kuposa urad. Podi uyu mumupere asalale kuposa wa idli, chifukwa amasakanizidwa ndi mpunga wotentha ndi ghee, yemwe ndi batala woyengedwa pamoto, ndipo misere ya nandolo ndi yolimba. Mulibe chitowe kapena kokonati, choncho ndiye amakhalitsa kuposa onse. Kwa munthu amene akuphunzira, ndingakonde ayambire pa ameneyu, chifukwa palibe choti n'kusanduka chiponde.

Chenjezo limodzi pa nkhani yosinthanitsa mbewu: musayese kupanga podi ndi nyemba wamba zofiira zija. Zili ndi poizoni wachilengedwe yemwe amatha pokhapokha zikawira m'madzi, ndipo kukazinga kouma sikudalirika pomuchotsa.

Nsawawa nazonso zili ndi podi wake. Kumpoto kwa Karnataka, shenga pudi amadyera jolada rotti, chomwe ndi chakudya chophwatalala chophikidwa pachiwaya kuchokera ku ufa wa mapira, ndipo pambali amaikapo chambiko. Tengani kapu imodzi ya nsawawa, adyo 6 mpaka 8 wosenda, masipuni akuluakulu awiri a ufa wa tsabola wosawawa kwambiri, sipuni yaing'ono ya jira, ndi sipuni yaing'ono ya mchere. Kazingani nsawawa pamoto wochepa kwa mphindi 10 mpaka 12, zizizire, mufikise makungu n'kupeta. Sinjani adyo, jira, mchere ndi tsabola poyamba, nsawawa pomaliza. Uyu amaloledwa kunyowerako mafuta pang'ono, koma akhalebe woti mukamutapa ndi sipuni azigwa. Ambiri amathira adyo wamuwisi, ndipo amakoma, koma adyo ali ndi madzi. Ngati mukufuna podiyo apyole sabata imodzi kunja kwa firiji, dulani adyoyo mopyapyala mumukazinge m'timafuta mpaka aume. Sankhaninso nsawawa imodziimodzi, mutaye zonyala, zosintha mtundu ndi zachuku, chifukwa poizoni wa chuku, aflatoxin, satha ndi kukazinga.

Chutney pudi wa ku Karnataka ndiye wovutirako, chifukwa muli zinthu ziwiri zokonda chinyezi: bwemba ndi shuga wa nzimbe wosayenga yemwe kumeneko amati bella. Muyeso wake ndi kapu ya chana dal, theka la kapu ya urad, kapu ya kokonati wouma wopala, Byadgi 15 mpaka 20, bwemba wochotsa njere wokula ngati ndimu yaing'ono, masipuni akuluakulu awiri a bella, masamba a curry, hing ndi masipuni ang'onoang'ono atatu a mchere. Bwemba mumung'ambe tizidutswa tating'ono, muchotse ulusi ndi zikhokho, n'kumukazinga pamoto wochepa ndi madontho a mafuta mpaka akazizira azithyoka. Bwemba wofewa amamata pa mpeni wa bulenda n'kupanga timibulu towawasa tomwe sitisweka. Mumupere pamodzi ndi tsabola ndi mchere poyambirira pomwe. Kokonati amangofuna kutenthetsedwa mphindi 2 mpaka anunkhire, asafiire. Bella mumupale kaye, alowe dal ataperedwa kale kuti ufawo umuphimbe, kokonati n'kutsekera. Mukasowa bella, shuga wabulauni angathandize, koma chepetsani pang'ono. Ena amamaliza ndi njere za mpiru zothetheketsa m'sipuni ya mafuta, ndipo nazo ziyenera kuzizira zisanasakanizidwe.

Chammanthi podi wa ku Kerala amayamba ndi kokonati wamuwisi wopala, yemwe amakazingidwa pamodzi ndi anyezi ang'onoang'ono ofiira, jinja, masamba a curry ndi tsabola kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, mpaka atasanduka bulauni woderako ndipo madzi onse atha. Amadyera kanji, phala la mpunga lamadzimadzi. Kokonati akatsala ndi madzi ngakhale pang'ono, podiyo sakhalitsa masiku ambiri. Muyeseni mukazolowera enawa.

Kasungidwe kamatengera mafuta omwe ali mkati. Wa dal yekha amakhala miyezi iwiri kapena itatu pamalo ouma, opanda dzuwa. Wa chitowe muthe naye m'mwezi umodzi. Wa kokonati kapena nsawawa, masabata awiri kapena atatu, ndipo nyengo yotentha ya Okutobala kapena yachinyezi ya dzinja imafupikitsa nthawiyi. Firiji imatalikitsa moyo wake, koma botolo lozizira mukalitsegula m'khitchini motentha limagwira mame mkati. Ndi bwino kusunga botolo lalikulu mufiriji, n'kumatapirako wa sabata imodzi m'kabotolo kakang'ono. Sipuni ikhale youma nthawi zonse, ndipo musawaze podi kuchokera m'botolo pamwamba pa mpunga wotuluka nthunzi. Kupanga wambiri nthawi imodzi sikupindulitsa. Ngakhale asanawonongeke, fungo la zokazinga limazilala pakapita masabata angapo.

Zina zikalakwika zimakonzeka. Mchere kapena tsabola akachuluka, kazingani dal wina, mupere, musakanize. Podi akaumbana ndi chinyezi koma fungo lili bwino ndipo palibe chuku, muyaleni m'chiwaya pamoto wochepa kwa mphindi 3 kapena 4, azizire, mubwezere m'botolo lina louma. Akamveka uwisi, kukazinganso ufawo kumathandizako, koma takasani mosalekeza chifukwa tsabola woperedwa amapserera msanga kuposa wathunthu. Akamata chifukwa cha mafuta, mupereni pamodzi ndi dal wokazinga wowonjezera, amamwa mafutawo. Wopserera ndi wonunkha mafuta owonongeka alibe mankhwala, mutayeni. N'chifukwa chake tsabola amene wada m'chiwaya muzimuchotsa pomwepo musanapere.

Podyera, musathire mafuta m'botolo. Tapani sipuni imodzi kapena awiri pambale, bowolani pakati ndi chala, thiranimo mafuta, n'kusakaniza mpaka pakhale phala lokhuthala loti idli kapena dosa, mkate wopyapyala wa mpunga wophikidwa pachiwaya, azisunsidwamo. Ku Tamil Nadu mafuta ake ndi a chitowe, nallennai, agolide, a fungo lofatsa. Musawasokoneze ndi mafuta a chitowe oderako ogwiritsidwa ntchito pa zakudya za ku China, omwe amayengedwa kuchokera ku chitowe chokazinga kwambiri ndipo fungo lake limaphimba podi yense. Mukasowa nallennai gwiritsani ghee wosungunula, kapena mafuta a nsawawa. Pa mpunga, thirani sipuni yaikulu ya kandi podi pa mpunga wongophulidwa kumene, ghee pamwamba, musakanize ndi dzanja mpungawo usanazizire, chifukwa ukazizira ghee amaundana ndipo ufa sugwira.